Kuchokera ku Matapi mpaka ku Longhua

Mkangano uwu ndinaumva pa maliro ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, usiku tikuchezera pa siwa. Anyamata awiri, onse adzukulu a matchona, anatsutsana mpaka tambala woyamba. Wina amakonza mafoni ku Gulf Complex m'tauni. Iye ankati mafakitale a ku China ndi amene anachititsa kuti mayi wogulitsa tomato pa Mbare Musika akhale ndi foni yolandirira ndalama pa EcoCash, komanso kuti wogwira ntchito kumeneko amapita yekha, palibe womukoka. Mnzakeyo ankati chimenecho ndi chibalo basi. Nkhani imene ankalimbiranayo, ya kagwiridwe ka ntchito m'mafakitale a Foxconn ku China, inabuka mu 2010.

Foxconn ndi kampani ya ku Taiwan imene Terry Gou anayambitsa mu 1974. Ntchito yake ndi kulumikiza mafoni ndi makompyuta a makampani ena, ndipo kasitomala wake wamkulu ndi Apple. Ku Longhua, mumzinda wa Shenzhen, inamanga fakitale yonga tauni: pogona, podyera ndi masitolo, zonse mu mpanda umodzi. Antchito ambiri anali achinyamata ochokera kumidzi yakutali. Mu 2010 antchito 18 a kampaniyi anayesa kudzipha, ambiri podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba zosanja, ndipo 14 anafa. Kampani inakweza malipiro, inatcheranso maukonde m'mbali mwa nyumbazo.

Zina zinatsatira. Mu Meyi 2011 fumbi la aluminiyamu linaphulika pa fakitale ya ku Chengdu pomwe ankapukuta ma iPad, anthu n'kufa. Chaka chomwecho Apple inavomera kuti antchito 137 a kampani ya Wintek ku Suzhou, imene inkaipangira masikirini, anadwala ndi mankhwala a n-hexane, amene ankatsukira masikirini chifukwa amauma msanga. Mu 2012 bungwe loona za ufulu wa antchito la Fair Labor Association linayendera mafakitale a Foxconn ndipo linapeza anthu akugwira ovataimu yopitirira malire, pomwe lamulo la China limalola maola 36 okha pamwezi.

Apa ndi pamene wokonza mafoni uja ali ndi mfundo yolimba, ndipo sindiipeputsa. Ovataimu itayamba kuchepetsedwa, antchito ena anadandaula, chifukwa ndiyo inkawadyetsa. Koma kumayambiriro kwa 2010 malipiro oyambira ku Longhua anali ma yuan (ndalama za ku China) 900 pamwezi. Munthu ukamulipira zochepa chonchi, amadzapempha yekha kuti umugwiritse mpaka usiku, kenako iwe n'kumati wafuna yekha.

Ife a ku Halale mawu amenewa tikuwadziwa. Agogo anga aamuna nawonso anabwera okha kuchokera ku Dedza. Palibe anawamanga chingwe. Anawathamangitsa ndi msonkho ndi kusowa kwa ndalama kumudzi. Anzawo ena anakwera malole a Ulere, onyamula ofuna ntchito mwaulere, ena analembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kukagwira m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Mahositelo a Matapi ku Mbare, amene lero mukukhala mabanja mothithikana, anamangidwira amuna okhaokha, kuti mkazi ndi ana atsale kumudzi, mwamuna akakalamba kapena kupweteka abwerere komweko osalemetsa tauni. Ku China nako kuli lamulo la hukou, lomwe limamangirira munthu kudera kumene analembedwa, moti wakumudzi amavutika kupeza sukulu ya ana ndi chithandizo cha boma mumzinda umene akugwiramo ntchito. Ana miyandamiyanda akulira m'manja mwa agogo awo. Ndikawerenga zimenezi ndimaona agogo anga aakazi, amene anadikira zaka zambiri asanaitanidwe.

Sindikunena kuti Shenzhen ndi Rhodesia, Zimbabwe wa nthawi ya atsamunda. Malipiro a ku China anakweradi, ndipo mabanja ambiri anamanga nyumba ndi ndalama za m'fakitale, monga matchona ena anabwerera ndi njinga ndi makina osokera. Koma pa 6 Juni 1972 mgodi wa malasha wa Wankie unaphulika n'kupha anthu oposa 400, Amalawi ali momwemo, ndipo iwonso anali atapita okha.

Lero nkhaniyi yatipeza pakhomo. Mabatire amafuna lithiyamu, ndipo mgodi wa Arcadia ku Goromonzi, kum'mawa kwa Harare, unagulidwa ndi kampani ya ku China ya Huayou Cobalt pa madola 422 miliyoni a ku America. Wa Bikita unagulidwa ndi kampani inanso ya ku China ya Sinomine mu 2022. Mu Disembala chaka chomwecho boma la Zimbabwe linaletsa kutumiza kunja miyala ya lithiyamu yosayenga, pofuna kuti ntchito zitsale kuno. Kutacha pa maliro paja, mnyamata amene ankati ndi chibalo anandiuza kuti mng'ono wake akulemba kalata yofunsira ntchito ku mgodi wa lithiyamu, ndipo iye ndi amene amulipirire ulendo wa pa basi.