Linga la ku Cape Town ndi mkangano umene unayamba lisanamangidwe

Munthu wochokera ku Johannesburg pa galimoto amayenda makilomita pafupifupi 1,400 mumsewu wa N1, kudzera ku Bloemfontein ndi dera louma la Karoo, ndipo akalowa pakati pa mzinda wa Cape Town amapeza linga la miyala la ngodya zisanu lotchedwa Castle of Good Hope. Mu Novembala 2024 boma, mwa chilolezo cha khoti, linachotsa anthu osowa pokhala amene anamanga misasa m'mbali mwa lingali. Amene amadziwa mbiri ya malowa anakumbukira kuti aka si koyamba kuti munthu auzidwe kuti achoke pamenepa.

Mwala woyamba unaikidwa pa 2 Januwale 1666, Zacharias Wagenaer ali mtsogoleri wa kampani ya Adatchi ya VOC kumeneko, ndipo ntchito inatha mu 1679. Kampaniyo inamanga lingali poopa zombo za Angerezi. Eni nthaka, Akhoikhoi, sinkawaopanso kwenikweni, chifukwa nkhani yawo inali itagamulidwa kale.

Chigamulocho chinayamba mu 1657, pamene Jan van Riebeeck, mtsogoleri woyamba wa kampaniyo kumeneko, anamasula antchito ena a kampani n'kuwapatsa minda m'mbali mwa mtsinje wa Liesbeek, pamalo amene Akhoikhoi ankadyetsapo ng'ombe chaka ndi chaka. Womasulira wina dzina lake Doman, amene Adatchi anapita naye ku Batavia (Jakarta wa lero, ku Indonesia) ndipo anabwerako mu 1658, anali ataona mmene kampaniyo imachitira ikakhazikika m'dziko la eni. Mu Meyi 1659 iye anatsogolera nkhondo, ndipo ankasankha masiku a mvula, podziwa kuti mfuti za nthawi imeneyo sizinkayaka bwino zikanyowa. Minda inatenthedwa, ng'ombe zinalandidwa, koma Doman anavulazidwa ndipo nkhondo inazilala.

Pa zokambirana za mtendere mu Epulo 1660, atsogoleri a Akhoikhoi anafunsa ngati iwo akanaloledwa kupita ku Holland n'kukalanda malo chimodzimodzi. Yankho linali lakuti dzikolo analiluza pankhondo ndipo silibwezedwa. Zimenezi timazidziwa kuchokera m'buku limene kampaniyo inkalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, choncho mawu a Akhoikhoi anatifika atadutsa pakamwa pa womasulira ndi m'manja mwa mlembi wa mbali yopambana. Akhoikhoi eni ake sanasiye zolemba. Komabe n'zovuta kukhulupirira kuti mlembi akanapeka funso lochititsa manyazi bwana wake chotero, ndipo n'chifukwa chake ndimalikhulupirira kuposa zambiri za m'bukumo.

Zaka zotsatira zingafotokozedwe mwachidule. Lingali linakhala likulu la boma ndi la asilikali, linadutsa m'manja mwa Angerezi, ndipo mu 1936 linaikidwa pakati pa malo otetezedwa a mbiri ya dziko. Mfumu Cetshwayo ya Azulu inasungidwamo itagonjetsedwa mu 1879.

Mu 2016, pokumbukira zaka 350 za lingali, boma linaimika m'menemo ziboliboli za Cetshwayo, Langalibalele (mfumu ya Ahlubi), Sekhukhune (mfumu ya Apedi) ndi Doman. Ena anati linga la atsamunda siliyenera chikondwerero, pamene ena anati kuikamo ogonjetsedwa ndi njira yolilanda. Doman yekha sanalione lingalo: anamwalira mu 1663, mwala woyamba usanaikidwe.