Galimoto yakale yosinthidwa: mapepala ayambe, kuwotcherera kutsate

Land Rover Series III, yomwe inkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ndi imodzi mwa magalimoto okana kufa m'Malawi muno. Thupi lake ndi la aluminiyamu, ndipo chomwe dzimbiri limadya ndi chasisi pamodzi ndi chitsulo chotchinga pakati pa injini ndi woyendetsa. N'chifukwa chake mwini wake amafika poti agule chasisi china, achotse injini ya petulo ya 2286cc n'kuikamo ya dizilo, awonjezere mipando, asinthenso penti. Potuluka m'galaja imalira bwino ndithu. Koma ku Road Traffic ndi ku kampani ya inshuwalansi galimoto imadziwika ndi manambala, ndipo ngati manambala a pachitsulo asiyana ndi a mu bulubuku, galimotoyo ndi mlendo wopanda dzina.

Manambala ofunika ndi awiri: ya chasisi ndi ya injini. Pa Series III ya chasisi imapezeka pa kachitsulo kokhomedwa mkati mwa galimoto, komanso inadindidwa pa chasisi penipeni, kutsogolo mbali ya kumanja, pomwe sipuling'i imagwira. Musanamasule boti ngakhale imodzi, tsukani malowo ndi bulashi ya waya, jambulani nambalayo pafupi kuti iwerengeke, kenako jambulaninso muli patali kuti galimoto yonse ioneke pa chithunzi chomwecho. Musaipale ndi galayinda. Malo opalidwa ngakhale pang'ono amaoneka ngati wina amafuna kufufuta nambala, ndipo wapolisi wofufuza za kuba magalimoto sangawanyalanyaze. Magalimoto ambiri opangidwa 1981 isanafike alibe nambala ya zilembo 17 yomwe tinazolowera masiku ano. Yawo ndi yaifupi, ndipo ili bwino momwe iliri. Onetsetsani kuti yalembedwa pa fomu chilembo ndi chilembo, osawonjezera kanthu kuti italike.

Cholakwika chachikulu, chomwe amakaniko ena amachichita ndi mtima wabwino, ndi kudula kachigawo ka nambala pa chasisi chowola n'kukawotcherera pa chatsopano. Akuba magalimoto amachitanso chimodzimodzi, ndiye woyang'ana sangasiyanitse inu ndi iwo. Njira yabwino ndi kupita ku Directorate of Road Traffic and Safety Services ntchito isanayambe, muli ndi bulubuku, zithunzi ndi lisiti la chasisi chatsopano, n'kufunsa momwe akufunira kuti nambala iikidwe. Pemphani kuti yankho likhale lolembedwa. Chasisi chakale musachigulitse kwa ogula zitsulo mpaka mapepala atsopano atakhala m'manja mwanu. Ngati galimoto mukuimanga kuchokera ku magalimoto awiri kapena atatu, iliyonse ikhale ndi umboni wake wa momwe munaipezera: kalata yogulitsirana yokhala ndi mayina, tsiku, mtengo ndi manambala, pamodzi ndi kope la chiphaso cha wogulitsa.

Injini nayo ili ndi mbiri yake. Zambiri zimabwera zogwiritsidwapo kale ntchito kudzera ku Durban kapena Dar es Salaam, ndipo lisiti longoti "injini imodzi" silithandiza. Lilembedwe nambala ya injiniyo, ndipo ngati yachokera kunja, funsani wogulitsa kope la pepala la MRA losonyeza kuti msonkho unalipidwa. Mapepala amenewa ndi omwe apolisi amafuna kuona asanatsimikize kuti chitsulocho si chobedwa. Zikatha izi ndi pomwe mumapempha kuti a Road Traffic akonze zolembedwa mu MalTIS, kompyuta yawo yosunga mbiri ya magalimoto: nambala ya injini, kukula kwake, mtundu wa mafuta, mtundu wa penti, chiwerengero cha mipando ndi kulemera kwa galimoto. Kulemerako kayezetseni pa sikelo, musaganizire. Denga lachitsulo, thanki yachiwiri ndi bampa yokhuthala zimawonjezera makilogalamu omwe amadya katundu yemwe galimoto ikuloledwa kunyamula.

Tsono pali zinthu zomwe zimagwetsa galimoto yosinthidwa pa COF (kuyeza kotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu), kapena kuipitirira COF n'kukaonekera pa mtsetse. Choyamba ndi mabuleki. Injini ya petulo imapanga yokha mphamvu yoyamwa mpweya yomwe imathandiza buleki kuti ifewe. Ya dizilo siipanga, imafuna pampu yakeyake. Injini ya dizilo ya Land Rover ngati 200Tdi imabwera nayo pampuyo, koma ikapanda kulumikizidwa bwino, buleki imauma ngati mwala ndipo galimoto imatenga mtunda wautali isanaime. Kumbukiraninso kuti injini ya petulo ya Series III inkatulutsa mphamvu ya mahatchi (horsepower) pafupifupi 70, pomwe 200Tdi imapitirira 100. Mabuleki a ng'oma, giyabokosi ndi ekiselo zam'mbuyo zinapangidwira mphamvu yakaleyo. Pa Series III yaifupi ya mainchesi 88 (kuchokera pa ekiselo yakutsogolo kufika pa yam'mbuyo), mashafuti a m'kati mwa ekiselo yam'mbuyo amathyoka msanga akapatsidwa mphamvu yochuluka. Yaitali ya mainchesi 109 ili ndi ekiselo ya Salisbury yomwe imapirira bwinopo. Ndalama ya mabuleki iyenera kupatulidwa ndalama ya penti isanaganiziridwe n'komwe.

Matayala akuluakulu nawo amanamiza. Mukachoka pa 6.00-16 kupita pa 7.50-16, tayala limakula ndi magawo pafupifupi 10 pa 100, ndipo wotchi ya liwiro ikamaonetsa 80 mumakhala mukuyenda cha m'ma 88. Dizilo imafunanso paipi yobwezera mafuta ku thanki, batire yokulirapo ndi waya wokhuthala wa efi, wolumikiza batire ku chitsulo cha galimoto. Waya aliyense watsopano wochokera ku batire akhale ndi fyuzi pafupi ndi batirelo, ndipo podutsa pa chitsulo pakhale labala. Magalimoto akale ali ndi mafyuzi ochepa kwambiri, ndipo moto umayambira pa waya womwe wakhala ukukhuzika pa chitsulo kwa miyezi ingapo osaoneka.

Ku inshuwalansi, lamulo la Road Traffic Act limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pa msewu ikhale ndi third party, yomwe imalipira anthu ena omwe mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, mpaka malire olembedwa mu mgwirizano. Galimoto yanu siilipiridwa. Kwa munthu yemwe wataya zaka ziwiri akuimanga, imeneyi ndi yochepa, ndipo ayenera kufunsa za comprehensive, yomwe imalipiranso galimoto yake, kapena third party yowonjezera moto ndi kuba. Makampani ena safulumira kulandira galimoto ya zaka 40 pa comprehensive, choncho pitani ndi fayilo yodzaza: zithunzi za ntchito yonse, malisiti, COF ndi lipoti la katswiri woyeza mtengo.

Mgwirizano wa inshuwalansi umaima pa kuulula zonse. Kampani siyendera galaja yanu. Imakhulupirira zomwe mwalemba pa fomu. Mukabisa kuti munasintha injini, munakweza galimoto kapena munawonjezera mipando, tsiku la ngozi woyeza kuonongeka akatsegula boneti adzaona yekha, ndipo kampani ikhoza kukana kulipira ngakhale ngoziyo itachitika chifukwa cha mbuzi yodutsa pa msewu. Lembani mndandanda wa zosintha zonse, upite ndi fomuyo, ndipo sungani kope losainidwa ndi kampani. Kuuza wogulitsa inshuwalansi pakamwa sikokwanira, chifukwa mawu samakhala mu fayilo.

Nkhani ya mtengo ndiyo imapweteka ambiri. Mgwirizano wamba umalipira mtengo wa pamsika pa tsiku la ngozi, ndipo pamsika Land Rover ya 1978 imaonedwa ngati galimoto yokalamba basi, posatengera chasisi chatsopano chomwe chili pansi pake. Funsani ngati kampani ingavomere agreed value, kutanthauza mtengo womwe inu ndi iwo mwagwirizana pachiyambi n'kuulemba. Yang'ananinso ngati mu mgwirizanowo muli ndime ya average. Imagwira ntchito motere: galimoto ya K16 miliyoni mukaitchinjiriza pa K8 miliyoni, ndiye kuti mwatchinjiriza theka, ndipo ikaonongeka za K4 miliyoni mudzalandira K2 miliyoni, asanachotse excess, gawo lomwe mumadzilipirira nokha. Munthu angagwere m'dzenje limeneli osanama konse. Mu Novembala 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo masipeya ochokera kunja anakwera nthawi yomweyo, pomwe mitengo yolembedwa m'migwirizano inakhala pomwe inali. Yezetsaninso mtengo chaka chilichonse pokonzanso inshuwalansi.

Pali china chomwe eni magalimoto okongola akale amachiiwala: maukwati. Anthu akangoiona, amayamba kupempha kuti inyamule akwati. Mukalandira ndalama pa ulendo umenewo, galimotoyo yagwira ntchito ya hayala, ndipo inshuwalansi ya galimoto yapakhomo siteteza ulendo wotere. Ngati mukufuna kumabwereketsa, nenani pogula inshuwalansi, ndipo funsani ku Road Traffic za chilolezo choyenera. Miyezi yomwe galimoto ili m'galaja yopanda matayala nayo si yopanda ngozi, pakuti kuwotcherera ndi petulo zimakhala m'chipinda chimodzi. Funsani ngati inshuwalansi ya mwini galaja ikuteteza magalimoto a makasitomala.

Kwa abale omwe ali ku Britain, omwe ena amagula magalimoto otere kuti atumize kumudzi, malamulo akumeneko ali ndi msampha wake. Galimoto yopitirira zaka 40 siifunika MOT, yomwe ndi COF yakumeneko, pokhapokha ngati inasinthidwa kwambiri m'zaka 30 zapitazi, kutanthauza kuti galimoto ikhoza kugulitsidwa ikuyenda mwalamulo koma palibe anaiyeza kwa zaka zingapo. Kuyambira pa 26 Ogasiti 2025, DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto kumeneko, imalola galimoto yosinthidwa kwambiri kusunga nambala yake yakale, bola mwini wake awadziwitse za kusinthako. Musanalipire sitima, werengani nambala ya injini ndi ya chasisi pa chitsulo ndi maso anu, muifananize ndi zomwe zili pa V5C, bulubuku yakumeneko. Zikasiyana, wogulitsa akonze kaye ku DVLA, chifukwa mapepala a kasitomu adzatengera zomwe zili pa V5C, ndipo galimoto ikafika pa Mwanza kapena pa Songwe, ofesala adzawerenga zomwe zili pa chitsulo.