Afisi a mu Lilongwe tinawapeza

Ndatopa kumva zaka ndi zaka kuti afisi olira usiku m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi amatumidwa ndi afiti, kapena kuti atilowerera kwathu. Afisiwa tinawapeza. Likulu litachoka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, nyumba ndi misewu zinadya thengo lomwe ankasakamo, ndipo mitengo yotsalayo tikuithera kuwotchera njerwa. Fisi wanjala amangotsata fungo la mafupa ndi matumbo a nkhuku omwe timataya kuseri kwa mpanda. N'chilombo choopsa ndithu, ana asamayende okha kukada.

Mukamva kuti fisi watumidwa, lawirirani kudzala mukaone mapazi ake pafumbi. Funsaninso akuluakulu kuti pomwe pali nyumba yanupo kale panali chiyani. Chonde, nkhani yosatsimikizika musaitumize pa WhatsApp, imakathera pa gogo wosalakwa kugendedwa miyala.