Msika wa Kurmi sunadikire mzungu

Chaka chilichonse ndikamachonga mayeso a mbiri yakale ndimakumana ndi chiganizo chimodzimodzi: malonda enieni anafika mu Africa ndi azungu, kale anthu ankangosinthana nkhuku ndi mapira. Cholembera changa chofiira chatopa nacho. Ine mbiri ya misika ndiyo ntchito yanga, ndipo ndikamva zimenezi ndimangoloza mzinda wa Kano, kumpoto kwa Nigeria.

Msika wa Kurmi, m'kati mwa linga la mzindawo, unakhazikitsidwa mu ulamuliro wa mfumu ya Kano, Muhammad Rumfa, amene anakhala pampando kuyambira 1463 mpaka 1499. Asilikali a Britain analanda Kano mu 1903. Werengani nokha zaka zapakatipo. Za ngamila zodutsa Sahara ndi mchere sindibwereza, munaziphunzira ku sekondale. Chimene ambiri sadziwa ndi momwe msikawo unkayendera.

Mlendo wobwera ndi katundu sankangoyala pansi ayi. Ankafikira kwa mai gida, mwini nyumba amene ankamusunga, kumusungira katundu ndi kumupezera ogula. Pogulitsa panali dillali, mkhalapakati wodya kangachepe pa malonda alionse. Hugh Clapperton, mzungu woyendayenda wa ku Scotland amene anafika ku Kano mu 1824, analemba kuti dzina la dillali linkaikidwa m'kati mwa mtolo wa nsalu, ndipo wogula akakaumasula kutali ngati ku Borno, kufupi ndi nyanja ya Chad, n'kupeza kuti nsalu ndi yachabechabe, ankaubweza, ndalama n'kubwerera. Yerekezani ndi lero: mukagula foni pamsika n'kufa mawa lake, wogulitsa amakuyang'anani ngati sanakuonenipo. Clapperton yemweyo anagulanso pamsikapo ambulera yobiriwira yopangidwa ku England. Ambulerayo inali itamutsogolera kale kudzera m'chipululu.

Ndalama zinalipo: tizigoba ta nkhono za m'nyanja, cowrie, tochokera kuzilumba za Maldives. Heinrich Barth, wofufuza wa ku Germany, atafika mu 1851 anapeza kuti chuma chenicheni cha Kano ndi nsalu zowombedwa ndi kunyikidwa mu utoto wabuluu wa indigo komweko, zimene zinkafika mpaka ku Timbuktu ndi ku Tripoli. Sindibisanso kuti pamsika womwewo pankagulitsidwa anthu. Wonyadira nsalu za Kano n'kudumpha akapolo akunama mofanana ndi wolemba mayeso uja.

Ngakhale njanji itafika mu 1911, Angelezi akuyembekezera thonje la mafakitale awo, alimi ndi amalonda a ku Kano anaona kuti phindu lili mu mtedza, n'kutembenukira kumeneko. Milu ya matumba a mtedza yosanjidwa ngati mapiri inachokera apo, ndipo mmodzi mwa akatakwe ake anali Alhassan Dantata, kholo la mpondamatiki wa ku Nigeria Aliko Dangote. Choncho mukaona zionetsero za zamalonda zamakono, za matenti ndi zimkuzamawu, dziwani kuti chatsopano ndi matentiwo.

Koma chimene chimandisowetsa tulo si ana a mayeso. Ndili ku Kano pa kafukufuku, ananditengera kwa mkulu wina wogulitsa zikopa. Anatulutsa kabokosi kachitsulo kansi kwa bedi, mkati muli mapepala ofiirira a agogo ake, olembedwa Chihausa m'zilembo za Chiarabu. Anandiwerengera tsamba limodzi akulondola ndi chala: dzina la wokongola, kuchuluka kwa zikopa, mwezi wobwezera. Kamera ndinali nayo m'chikwama. Ndinati kwada, ndidzajambula bwinobwino ulendo wina. Ulendo winawo unachitika patatha zaka zitatu. Mkuluyo anali atamwalira, bokosi analiika m'chipinda chodontha, ndipo chiswe ndi mvula zinali zitagawana. Mwana wake anandionetsa phala la mapepala louma, akupepesa, pomwe wolakwa ndinali ine.

Ndiye inu amene muli ndi kope la ngongole la agogo, ziphaso zakale za msika, kapena gogo amene akukumbukirabe mitengo ya kale ndi njira zimene ankadutsa, musanene kuti mawa. Foni muli nayo. Jambulani tsamba lililonse lero, mawu a gogoyo muwatepe, mulembe tsiku ndi malo. Musamate mapepala akale ndi selotepi, chonde, guluu wake amadya inki. Musawapinde, musawaike m'jumbo ya pulasitiki momwe amachita thukuta.

Ndipo chenjerani ndi madobadoba a mbiri. Pamisika yakale ngati Kurmi sipalephera munthu wokutsatirani ndi lupanga kapena chikopa cholembedwa, akulumbira kuti n'cha nthawi ya Rumfa. Zambiri zotere amazipanga mwezi watha, kuzikwirira m'dothi ndi kuzifukiza utsi. Mufunseni kuti chinachoka m'nyumba ya yani, chinadutsa m'manja mwa yani. Akayamba kukwiya kapena kutsitsa mtengo mwadzidzidzi, nyamukani. Oopsa kwambiri ndi aja obwera atavala bwino, n'kuuza banja kuti apereke mapepala akawasungire kumalo abwino, osasiya ngakhale kalata yosonyeza kuti atenga chiyani. Wofufuza weniweni amajambulira pakhomo panu pomwepo, inu mukuona, bokosi n'kulibweza kansi kwa bedi.