Akasinja a pa Lizulu ndi nkhondo yomwe sitinalengeze

Madoda awiri ogulitsa kachewere pa Lizulu anatsala pang'ono kugwirana pakhosi sabata yatha. Chinayambitsa ndi 4 Okutobala, tsiku lomwe abale athu a tsidya lina la msewu, ku Mozambique, amakumbukira pangano la mtendere limene Joaquim Chissano wa chipani cholamula cha Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa gulu loukira boma la Renamo anasainirana ku Rome mu 1992. Wina amalumbira kuti ali mnyamata anaona akasinja a asilikali a Malawi akudutsa pa M1. Mnzakeyo amati bodza, Malawi analibe kasinja.

Onse awiri ali ndi mbali yawo. Asilikali athu anali ndi galimoto zankhondo zochokera ku Britain, za mtundu wa Ferret ndi Fox, zoyendera matayala koma zokutidwa ndi chitsulo, ndipo Fox inali ndi mzinga pamwamba. Kwa mwana woima m'mbali mwa msewu atasenza dengu, ameneyo ndi kasinja basi. Akasinja enieni oyendera unyolo, ochokera ku Soviet Union, anali a Frelimo.

Za chiyambi cha gulu lathu lankhondo sindichedwapo. King's African Rifles ya atsamunda inasanduka Malawi Rifles mu 1964 ku Cobbe Barracks ku Zomba, ndipo pambuyo pake magulu ena anakhazikitsidwa ku Kamuzu Barracks ndi ku Moyale. Pomwe zinthu zinatembenukira ndi 1986.

Pofika chaka chimenecho Renamo inali itatseka njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala, katundu wathu n'kumazungulira ku Durban pa mtengo woboola m'thumba. Mu Seputembala, Samora Machel, pulezidenti wa Mozambique nthawi imeneyo, anafika ku Blantyre limodzi ndi Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe kudzamuuza Kamuzu pamaso kuti dziko lake likusunga zigawenga. Atabwerera ku Maputo anaopseza kuti atseka malire ndi kuikamo mizinga. Pa 19 Okutobala ndege yake inagwa ku Mbuzini, ku South Africa. Boma la South Africa linaonetsa atolankhani mapepala omwe linati linawatola pa malo a ngoziyo, oti Mozambique ndi Zimbabwe amakonza zogwetsa boma la Kamuzu. Maiko awiriwo anakana, ndipo poti amene anabweretsa mapepalawo ndi yemweyo amene amapatsa Renamo mfuti, ine ndimawalandira ndi dzanja limodzi. Komabe mu Disembala Malawi ndi Mozambique anasaina pangano la chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali athu anawoloka malire kukalondera njanji ya Nacala.

Apa ndiye pali mfundo yovuta kumasula. Anyamata a Malawi Army amabisaliridwa ndi Renamo m'tchire, ena n'kubwerera kwawo m'bokosi, pamene kuno kumudzi kunkamveka kuti a Payoniya (Malawi Young Pioneers, gulu la achinyamata la Kamuzu lomwe linali ndi zida) akudya mbale imodzi ndi Renamo yomweyo. Boma la Kamuzu linkakana mpaka kumapeto, la Maputo linkanenetsa, ndipo wailesi yathu inali imodzi yokha yonena zomwe yauzidwa. Amene amaona ndi maso anali anthu a ku Tsangano, Biriwiri ndi Dedza, omwe anagawana minda ndi zitsime ndi othawa nkhondo ochokera ku Angonia, ambiri a iwo achibale olankhula chinenero chimodzimodzi. M'dziko lonse othawawo anafika pafupifupi miliyoni imodzi.

Msilikali amene anaika mnzake m'manda chifukwa cha njanji ija sakanaiwala msanga. Mu Disembala 1993, a Payoniya atapha asilikali awiri ku Mzuzu, gulu lankhondo linayamba Operation Bwezani n'kuwalanda zida. Olemba mbiri ena amati chinali chabe mkangano wa tsiku limenelo, ena amati unali mkwiyo wa zaka zambiri. Chomwe ambiri amagwirizana n'chakuti a Payoniya ochuluka anathawira ku Mozambique, m'madera omwe Renamo inali ndi mphamvu.

Madoda a pa Lizulu aja anasiya mkangano basi ya ku Blantyre itaima, aliyense n'kuthamangira pa zenera ndi ndowa yake.