Njinga yakapalasa ikagunda munthu, alipira ndani?

Pa Lizulu, njinga ikamatsetsereka ndi matumba awiri a mbatata ya kachewere pakaliyala, buleki yake nthawi zina imakhala chidendene cha patapata pa tayala. Ikagunda mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa M1, ife a inshuwalansi timafunsidwa kuti alipira ndani.

Alipira wopalasayo, za m'thumba mwake. Lamulo la pamsewu la 1997 limakakamiza galimoto ndi njinga yamoto kukhala ndi inshuwalansi ya third party. Imeneyi siikonza galimoto yanu, imalipira munthu wina amene mwamuvulaza. Njinga yakapalasa lamuloli siliikakamiza kukhala ndi inshuwalansi. Komatu kusowa inshuwalansi sikufafaniza mlandu. Wovulala atha kukasuma, khoti n'kugamula chipukuta misozi, kungoti wogundayo chuma chake chonse ndi njinga yomweyo, mwinanso ndi ya bwana. Nkhani zotere zambiri zimathera kwa amfumu, munthu n'kulandira ya thiransipoti yopitira kuchipatala basi.

Ndiye tikakamize aliyense wa njinga? Ine ndikuti ayi. Pepala la inshuwalansi limamangidwa pa nambala ya galimoto, pomwe njinga ilibe nambala, ndipo pakhomo amakwera bambo, mwana ndi mlamu yemwe. Wapolisi azikaima pa Kampepuza n'kumafunsa pepala agogo opita kuchigayo? Ku Switzerland, komwe mapepala amayenda bwino, njinga iliyonse inkamatidwa kasitika ka inshuwalansi chaka ndi chaka, koma adazisiya mu 2012.

Kabaza ndi nkhani ina. Amene wanyamula munthu n'kulandira ndalama yake ali pa bizinesi, ndipo ngozi ndi gawo la bizinesiyo. Mwayi wake anyamatawa ali kale m'magulu. Siteji ili ndi tcheyamani, ili ndi kaundula wa mamembala, ndipo maliro akagwa amasonkherana. Kampani ya inshuwalansi siingavutike ndi wakabaza mmodzi, chifukwa ndalama yolembera pepala lake ingapose imene iye angalipire. Koma anthu makumi asanu pa pepala limodzi, tcheyamani n'kumatolera pang'onopang'ono sabata iliyonse, imeneyo ndi nkhani yokambika.

Gulu likafuna kuyesa, liyambe laona ngati kampaniyo ili ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi. Kenako lifunse mosapita m'mbali ngati wokwera pakaliyala naye akuwerengedwa, popeza pepala lina limalipira wogundidwa pamsewu yekha, kasitomala wothyoka mwendo n'kutsala padera.