Ndalama za chakudya kwa olera ana kunyumba ku America: pulogalamu ya CACFP

Ngati muli ku America ndipo makolo amakusiyirani ana awo m'nyumba mwanu akamapita kuntchito, dziwani kuti boma limabweza gawo lina la ndalama zimene mumagulira chakudya cha anawo. Pulogalamuyi imatchedwa Child and Adult Care Food Program, mwachidule CACFP, ndipo ili m'manja mwa unduna wa zaulimi, USDA. Inayamba mu 1968 ngati yoyeserera chabe.

Wolowa ndani?

Nyumba yanu iyenera kukhala ndi laisensi kapena chilolezo cha boma la dera limene mukukhala. Wolera ana kunyumba salembetsa yekha ku boma, amadzera ku bungwe lotchedwa sponsor. Bungweli ndi limene limakuphunzitsani chaka ndi chaka, kulandira mapepala anu, n'kukutumizirani ndalama mwezi uliwonse. Ana owerengedwa ndi a zaka 12 kapena zochepera apo, ndipo pa mwana mmodzi patsiku mumabwezeredwa zakudya zazikulu ziwiri ndi kachakudya kotsitsimula kamodzi, kapena chachikulu chimodzi ndi totsitsimula tiwiri.

Kuyambira 1997 pali mitengo iwiri. Tier I, yokwererapo, ndi ya nyumba za m'madera a anthu opeza zochepa, kapena ya wolera amene banja lake silipyola 185 peresenti ya mlingo wa umphawi umene boma linaika. Otsala ali pa Tier II. Mitengoyi imasintha pa 1 July chaka chilichonse. Ana anu obereka amawerengedwa pokhapokha ngati banja lanu ndi lopeza zochepa, ndiponso ngati ana olembetsedwa ochokera kwina akudya nawo nthawi imeneyo.

Mbale ikhale yotani?

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Malamulo a mbale anakonzedwanso mu October 2017. Chakudya chamasana kapena chamadzulo chimafuna zinthu zisanu: mkaka, nyama kapena cholowa m'malo mwake, masamba, chipatso (kapena masamba a mtundu wina m'malo mwake), ndi chakudya cha ufa kapena mpunga. Chimodzi chikasowa, mbaleyo sabweza, ngakhale mwana atakhuta mpaka kugona pampando.

Wophika zakwathu asade nkhawa. Nsima ingawerengedwe, bola ufa wake ukhale wosakonola ngati mgaiwa, kapena wolembedwa kuti enriched pathumba pake. Muonetseni wa sponsor thumbalo musanagule lambiri. Mazira, nsomba ndi chiponde zimalowa m'malo mwa nyama. Nyemba mungaziwerenge ngati nyama kapena ngati masamba, koma osati mbali zonse ziwiri pa mbale imodzi. Choncho nsima, nyemba, kabichi, nthochi yodula ndi kapu ya mkaka ndi mbale yokwana.

Mwana wa chaka chimodzi apatsidwe mkaka wosachotsa mafuta. Wa zaka 2 mpaka 5 amwe wa mafuta 1 peresenti kapena wopanda mafuta, ndipo wa chokoleti ndi woletsedwa kwa osakwana zaka 6. Juwisi ndi kamodzi kokha patsiku, kwa makanda ayi. Kamodzi patsiku pakhale chakudya cha mbewu yosakonola. Makeke ndi madonati sawerengedwa, ndipo chokazinga chomiza m'mafuta kukhitchini kwanu sichiloledwa. Mandasi, pepani, akhale a Lamlungu.

Mayi akabwera kudzayamwitsa khanda lake m'nyumba mwanu, chakudya chimenecho chimabwezedwanso. Mukonzereni mpando pamalo abata.

Zolemba

Ndalama zimatsata pepala. Tsiku lililonse lembani ana amene abwera, zimene mwaphika, ndi amene adya, tsikulo lisanathe. Kudikira Lachisanu kuti mukumbukire za Lolemba n'kudziputira mavuto, chifukwa wa sponsor amabwera kudzayendera katatu pachaka, kawiri mosakuuzani, ndipo ulendo wina amafika nthawi ya chakudya n'kuona mbale ndi maso ake. Zolemba zikapanda kugwirizana ndi zimene wapeza, zakudyazo amazichotsa pa malipiro anu. Kulemba mwana amene sanabwere ndi chinyengo, ndipo kungakutulutseni m'pulogalamu.

Ngati mwana ali ndi vuto loti zakudya zina zimamuwenga, uzani makolo abweretse kalata ya dokotala yonena zoyenera kupewa ndi zolowa m'malo mwake, ndipo muisunge pamodzi ndi mapepala ena. Kuti mupeze sponsor wa kufupi nanu, funsani ofesi imene inakupatsani laisensi.